Ng'oma Imene Anaikulunga M'pulasitiki

Fungo la chikopa chowambidwa pamoto likandipeza, ndimaona agogo anga aamuna, a Gwaza, atagwada pabwalo Loweruka madzulo kwathu ku Nsaru, ng'oma ataigoneka chammbali pafupi ndi moto wa mapesi, akuigogoda ndi chala uku khutu atalitchera, mpaka mawu ake atakwera n'kufika pamene ankafuna iwo. Ng'omayo inali ya mpingo. Anaisema ndi atate awo, kale tchalitchi chili cha udzu, ndipo ndiyo inkaitana anthu Lamulungu ndi ana asukulu m'kati mwa sabata. Inkagona m'khitchini mwathu, pamwamba pa nsanja, yakuda bii ndi mwaye.

Ndili mtsikana wotha kusenza ndowa, mpingo unamanga tchalitchi cha njerwa ndi simenti, n'kugula belu. Tsiku lina kunabwera a Kamwendo, mkulu wa mpingo amenenso anali mphunzitsi, munthu waulemu ndithu, chipewa chili m'manja.

"Achikulire, ng'omayi ndi mbiri ya mpingo," anatero. "Singamakhale mu utsi pamodzi ndi mbewu ya chimanga. Tiisunge pamalo oyera."

"Utsiwo ndiwo chakudya chake," anayankha agogo.

A Kamwendo anaseka, poyesa nthabwala. Agogo sanakane kawiri, poti chinthu cha mpingo n'cha mpingo. Anyamata anaitsuka ndi sopo, anaikulunga m'mapulasitiki a feteleza, namanga ndi chingwe, n'kukaiimika pasimenti m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa guwa. Anachita zonsezi ndi mtima wabwino, ndisawanamizire.

Chaka chomwecho miyendo ya agogo inafa. Ine ndinali m'gulu la atsikana osesa tchalitchi, ndiye sabata iliyonse ndikamabwera, ankandiitana ali pamphasa.

"Nangondo, waiona?"

"Ndaiona, agogo. Ili bwino."

Poyamba ndinkanena zoona. Koma mvula itakhazikika, kachipinda kaja kanayamba kununkha ngati nkhokwe yodontha. Ndinasuzumira pomwe pulasitiki inang'ambika, ndinaona nguwi yoyera ngati thonje itayala pachikopa, kwina yobiriwira, ndipo pathunthu pali timadontho ta madzi. Ndinabweza pulasitiki ija msangamsanga. Kodi mwana ngati ine ndikanakauza mkulu wa mpingo kuti analakwitsa? Nanga nkhalamba yosayenda, ndikaiuze kuti itani? Ndinapitiriza kuyankha kuti ili bwino, mvula ziwiri zathunthu, ndipo agogo ankangogwedeza mutu n'kutseka maso.

Kenako mpingo unakonza tsiku lokumbukira amene anauyambitsa, ndipo anagwirizana kuti a Gwaza adzaiombe ng'omayo kamodzi anthu amve. Agogo anavala jekete lawo lakale, amalume anawakweza panjinga n'kumakankha pang'onopang'ono mpaka pabwalo la tchalitchi. Ine ndinakaima pakati pa atsikana anzanga.

Anyamata atamasula chingwe, fungo linatuluka, amayi akutsogolo anagwira mphuno ndi nsalu. Nguwi inali itadya paliponse. Zikhomo zogwira chikopa zinkazuka zokha, ndipo pansi pa thunthu panali pofewa ngati chinangwa chovunda. Agogo anapukuta chikopa ndi mkono wa jekete, anaika chikhatho, anagogoda kamodzi. Sipanamveke kanthu. Chala chawo chinangolowa.

A Kamwendo anagwada pafumbi, misozi ili chuchuchu. "Ndakulakwirani, achikulire."

"Dzukani, aphunzitsi, buluku lingade," anatero agogo. "Inu simunkadziwa."

Atatero anandifuna ndi maso pakati pa atsikana anzanga, nandikodola. Anayankhula motsitsa, kuti ena asamve.

"Iwe unkaona, eti?"

"Ndinkaona, agogo."

"Ukanandiuza, Nangondo, ndikanakwawa."

Sanandikalipire, ndipo sanaitchulenso nkhaniyo mpaka pamene anatisiya. Pamaliro awo panalira belu.

Lero ndine nkhalamba, ndipo zidzukulu zimandinena kuti ndine wouma pakamwa. Mpongozi wanga akandifunsa ngati mtedza wauma, ndimamuuza kuti wachita chuku, ngakhale akwiye. Mnzanga akadwala n'kundifunsa mmene akuonekera, sindimunamiza. Mawu oti "zili bwino" amandilemera pa lilime. Ndisanawatulutse, ndimayamba ndapita kukavundukula ndi manja angawa.