Tsiku Limene a Nyuzi Anavomera Kuti Sadziwa

Shopu ya a Nyuzi inagundana khoma ndi yanga. Iwo ankagulitsa misomali, maloko ndi penti. Ine ndimagulitsa machaja, mabatire ndi makava a foni. Ndinalowa mumdadada wa mashopu umenewo ndili ndi katoni imodzi ya katundu ndi mutu wodzaza masamu. Iwo ndi amene anandiphunzitsa zimene masamu sanena: kasitomala wonyoza katundu ndiye wogula, woyamikira amangodutsa.

Anali bambo wamtali, wa imvi za m'mbali, malaya osita bwino, m'thumba muli zolembera zamitundumitundu. M'mawa uliwonse ankagula nyuzipepala, n'kukhala pakhomo la shopu, kuitambasula, kupukusa mutu n'kunena kuti, "Dziko lapita ili." Dzina lawo linachokera pamenepo.

Koma munthu akabwera ndi pepala, ankadzigwiragwira m'matumba. "Aa, magalasi ndasiya kunyumba. Mwanawe, maso ako akadali anthete, taona apa."

Mwezi usanathe ndinali nditazindikira. Penti ankaidziwa ndi maonekedwe a chitini, loko ndi kulemera kwake, msomali ndi chala. Nkhani za m'nyuzipepala ankazimva pawailesi asanachoke kunyumba. A Nyuzi sankatha kuwerenga. Nditanong'oneza wometa wa moyang'anana nafe, anangondiyang'ana pagalasi lake n'kunena kuti, "Wabwera dzulo iwe. Tonse timadziwa. Munthu wamkulu savulidwa pagulu." Basi, nanenso ndinatseka pakamwa, n'kumawawerengera mapepala ngati nkhani ndi ya magalasi.

Chimodzi chokha ankachitha ndi cholembera: siginecha. Inali yochititsa kaso, yoyamba ndi chimutu chachikulu n'kuthera kumchira wopindika ngati wa nalimata. Akamasaina ankakweza chigongono, anthu n'kumaonerera.

Tsoka linabwera litavala suti. Mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, anali munthu wa sukulu ndi galimoto yonunkhira. Anatsegula kampani yogulitsa mapuloti, anthu n'kumalipira pang'onopang'ono.

"Alamu," anatero tsiku lina atatsamira kauntala, "kampani imafuna nkhope yodziwika. Inu mukhale mkulu wake, ine ndizingokuthamangirani."

A Nyuzi anakana kamodzi, mwaulemu chabe, kenako anavomera. Chithunzi chawo chinakhomedwa mu ofesi ya kampaniyo. Patapita masiku mlamuyo anabwera ndi mphatso: magalasi owerengera, okhala ndi chingwe chokoleka m'khosi.

"Kuti musamawaiwalenso kunyumba, alamu."

Tonse tinaseka, koma ine ndinasiya msanga. Munthuyo anali atawatsekera khomo lawo lokhalo lothawira. Kuyambira pamenepo, akabwera ndi mapepala a kampani, a Nyuzi ankavala magalasi aja, kuyendetsa chala pamizere, kugwedeza mutu, n'kusaina pamwamba pa chitini cha penti. Tsiku lina ndinayesa kusuzumira.

"Bambo, ndione?"

"Mtsikana, izi si za machaja," anayankha mlamuyo, n'kupinda mapepala.

Anthu ambiri anagula mapuloti chifukwa cha a Nyuzi, pakuti munthu amene sanakuberepo pa kilo ya misomali sangakubere malo. Mmodzi mwa iwo anali mayi wa telala wa kumapeto kwa mdadada wathu, wamasiye, amene ankasoka mayunifolomu mpaka maso kufiira. Tsiku limene anapita ndi njerwa kupuloti yake anapeza banja lina likukumba maziko, ndipo akukangana choncho panafika lole ya mchenga ya banja lachitatu. Aliyense anali ndi pepala lake, ndipo pansi pa pepala lililonse panali mchira wa nalimata uja.

Apolisi anatenga onse awiri, n'kuwatulutsa pa belo. Kukhoti mlamuyo anayamba ndiye kudziteteza, ndipo anali ndi nyimbo imodzi yokha.

"Ine sindinkadziwa. Ndinali wotumidwa chabe. Mkulu wa kampani ndi awa, wosaina ndi awa."

Akamufunsa za puloti yogulitsidwa katatu, sankadziwa. Za kumene ndalama zinapita, sankakumbukira. Ine ndinkangowerengera mumtima kuti ngati uyu sankadziwa, ndipo a Nyuzi nawonso sankadziwa, ndiye kuti mapulotiwo ankadzigulitsa okha.

Mwana wamkazi wa a Nyuzi, yemwe ndi nesi, anawapezera loya. Nesiyo sankadziwa chinsinsi cha bambo ake. Anakula akuwaona ndi nyuzipepala, ndipo ankawanyadira. Loyayo atawafunsa pamaso pa mwana wawo ngati ankawerenga asanasaine, iwo anakhosomola n'kunena kuti, "Mzere ndi mzere." Zimenezi anandifotokozera ndi nesiyo.

Masana a tsiku lomwelo ndinalowa mushopu yawo. Anali akusankha misomali yopindika, ntchito imene ankaichita mtima ukavuta.

"Bambo, ndaika pasikelo. Mbali iyi kuli ndende, mbali iyo kuli manyazi. Ndende ndiyolemera."

"Sikelo yako ndi yakuba, mwanawe."

"Mukangonena mawu amodzi..."

"Mawu ati?" Anandiyang'ana, ndipo ndinalephera kuwatchula. Anapitiriza kusankha misomali. "Kundende umatuluka. Manyazi alibe tsiku lotulukira. Mwana uja ndamuphunzitsa mpaka unesi akudziwa kuti bambo ake ndi munthu wa sukulu. Ndikamuuze lero kuti anakulira m'nyumba ya mbuli?"

Amene anatsala pang'ono kuwamaliza anali mnzawo weniweni. Wometa anaitanidwa kukapereka umboni. Anavala jekete yobwereka, n'kuima mubokosi ngati akukalandira mphotho.

"Mumawadziwa bwanji oimbidwa mlanduwa?" anafunsa loya wa boma.

"Ngati chikhatho changa, bwana. Mutu umenewo ndimaumeta ndine."

"Amatha kuwerenga?"

Wometa anayang'ana a Nyuzi, anayang'ana nesi uja pabenchi, n'kutulutsa chifuwa. "Awa? Nyuzi yonse, bwana, mpaka malonda a kumapeto. Ife nkhani timamvera kwa iwo."

"Ndiye pepala sangasaine osaliwerenga?"

"Sizingatheke! Amayendetsa chala mzere uliwonse. Ndaona ndi maso angawa."

Anabwera kudzakhala pambali panga akumwetulira. "Ndawaimira bwanji madala?"

"Mwawakumbira dzenje, achimwene, n'kuwayalira mphasa."

Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono. Iye ankaganiza kuti kukhoti n'chimodzimodzi pakhonde la shopu, pamene ulemu ndiwo umatsogola.

Pa nthawi yopuma tinali pakhonde la khoti. Nesi anali atapita kukasaka madzi. Akazi awo a Nyuzi, mayi wofatsa amene sindinawamvepo akukweza mawu, anawakonza kolala amuna awo n'kulankhula osawayang'ana.

"Bambo a mwana, mchimwene wanga ankadziwa. Ndinamuuza ndine kalekale, ndili wosasamala pakamwa. Magalasi aja sanagule mwangozi." Anawasasa fumbi paphewa. "Tsono pitani kundende ngati mukufuna. Koma mundiuze, makalata anga azikakuwerengerani ndani kumeneko? Kapena muzikawauzanso akaidi kuti mwaiwala magalasi?"

 A Nyuzi anangoyang'ana kumene mwana wawo ankachokera ndi botolo la madzi.

Atalowa mubokosi, loya wa boma anawapatsa limodzi la mapepala aja.

"Tiwerengereni ndime yoyamba, bambo, monga munkachitira musanasaine."

Anavala magalasi. Anaika chala pamzere. Chalacho chinakhala pomwepo osasuntha, mpaka tinayamba kumva kulira kwa fani ya kudenga. Kenako anavula magalasiwo n'kuwasiya akulendewera pachifuwa.

"Bwana, magalasiwa ali bwinobwino. Vuto ndi mwini wake. Sukulu sindinaipondeko. Pepala ili kwa ine ndi nyerere zoyenda pamzere."

Nesi uja anagwira pakamwa. Wometa anaweramira pansi.

"Lero aliyense sakudziwa kanthu m'khoti muno," anatero loya wa boma. "Mlamu wanu sadziwa, inunso simudziwa. Nanga siginecha yokongolayi analemba ndani?"

"Ndine, bwana. Koma sindilemba, ndimajambula. Ndili mnyamata ndinkasesa musitolo ya bambo wina. Ndinkaona mmene ankasainira, anthu n'kumamuopa. Ndinatola lisiti imodzi, ndinaijambula padothi mpaka dzanja linazolowera."

Woweruza, mayi wa nkhope yosaseka, anapempha pepalalo. Analiyang'anitsitsa, kenako anafunsa dzina la mwini sitolo uja. A Nyuzi atalitchula, woweruzayo anaonetsa maloya onse awiri siginecha ija. Pansi pa chimutu ndi mchira uja, zilembo zake zinali za dzina limenelo. Moyo wawo wonse, kubanki, kusukulu ya mwana, pa mapepala a kampani, a Nyuzi ankasaina dzina la munthu wina amene anamwalira kale, ndipo palibe anawerengapo.

Loya wa boma sanagonje msanga. "Chabwino, simuwerenga. Pakamwa muli napo. Bwanji simunafunse kuti mukusainira chiyani?"

"Kufunsa n'kuvomera kuti sudziwa, bwana."

"Ndiye munasankha kusadziwa."

 "Ndinasankha kusaoneka. Kuti anthu akubedwa, chimenecho sindinkadziwa. Ndikanadziwa, ndikanathyola cholembera."

Chigamulo chinabwera patapita milungu. Woweruza anati kusadziwa kulipo kwa mitundu iwiri: kwa amene anabisiridwa, ndi kwa amene anatseka maso dala kuti adzakhale ndi chonena. Za mlamuyo anati panalibe n'komwe kusadziwa, pakuti ndalama zinkathera kwa iye, ndipo antchito ake anachitira umboni kuti ndiye ankaloza mapuloti oti agulitsidwenso. Anamupeza wolakwa. A Nyuzi anawamasula, koma anawonjezera kuti kunyada sikuli m'buku la milandu, chikhala kuti kulimo sakanapita kwawo tsiku limenelo.

Panja wometa anayamba kuimba mluzu, koma anasiya ataona mayi wa telala akubwera. Mayiyo anaima patsogolo pa a Nyuzi, chikwama chili kukhwapa.

"Mwapulumuka, bambo. Ine puloti ndilibe."

"Pepani, mayi."

"Kuti simuwerenga ndinkadziwa, tonse tinkadziwa. Koma ndinkati munthu wochenjera chonchi ali ndi womuwerengera." Anapukusa mutu. "Tinakulemekezani mpaka tinadzipweteka tokha."

Anapita osatsanzika. A Nyuzi anamuyang'ana mpaka anakhota, ndipo palibe anayesa kuwatonthoza, chifukwa mayiyo sananame.

Tinakwera minibasi imodzi pobwerera. Nesi anakhala pafupi ndi bambo ake, koma chiyambire tsiku la umboni uja anali asanawalankhule za nkhaniyo. Iwo ankangoyang'ana pawindo, manja ali pamaondo, ngati mlandu weniweni ukuyamba tsopano. Titadutsa masiteji angapo, nesiyo anatembenuka.

"Adadi."

"Mwanangu."

"Lipoti langa la fomu thuu lija. Ndinalephera masamu, sayansi ndi Chingerezi, aphunzitsi analemba kuti ndimangocheza m'kalasi. Inu munaliyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, 'Pitiriza chomwechi.' Munandigulira nsapato."

A Nyuzi anatembenuka pang'onopang'ono. "Unalephera?"

"Zitatu."

"Iwe! Nsapato zija zinali zodula!"

"Ndinalira sabata yonse. Ndinkati bambo anga aona zonsezi koma akundikhulupirirabe. Ndi chifukwa chake ndinayamba kulimbikira."

Akazi awo a Nyuzi anayamba kuseka mwakachetechete, wometa anaphulika, mpaka kondakitala anafunsa kuti kwagwanji. A Nyuzi sanaseke. Anapukuta m'maso ndi chikhatho, ndipo mwana wawo anawagwira dzanja limenelo n'kulisunga pamwendo pake mpaka tinakatsika.