Biyo la Bambo pa Mtsinje wa Mbezi

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga anachotsedwa ntchito ku kampani ya boma ku Ilala, mu Dar es Salaam. Zinali zaka zija zimene ankati za ruksa, boma litamasula malonda, masitolo atadzaza katundu wakunja, mahotela akumera ku Msasani ngati bowa, koma makampani a boma akutsekedwa. Ife tinkakhala ku Kawe, kufupi ndi pamene mtsinje wa Mbezi umathira m'nyanja yamchere. Anthu ankawatchula bambo kuti Mnyasa, monga amatchulira ochokera kwathu, ngakhale anali atakhalitsa mu Dar es Salaam kuposa ena mwa owatchulawo.

Ntchito itatha, bambo anasanduka munthu wina. Ankangokhala pakhonde duu, moni osayankha, ndevu osameta. Ine ndinkadutsa monyang'ama, kuopa osati ukali wawo koma chete wawoyo. Kenaka kunamveka kuti kwabwera mkulu wina wagalimoto amene akugula mikunga yamoyo, nsomba zija zooneka ngati njoka, kukagulitsa m'mahotela a alendo. Bambo anadzuka pampando paja ngati munthu amene wamva dzina lake likuitanidwa. Iwo anakulira m'mbali mwa mtsinje wa Bua ku Nkhotakota, ndipo pa za madzi ankati palibe angawauze kanthu.

Anadula nsungwi n'kuluka miono inayi. Anatchinga mtsinje ndi mpanda wa timitengo ndi bango, umene kwathu amati biyo, n'kuika miono ija m'mipata yake. Ine ndinali woyamba kubadwa, mnyamata panalibe, ndiye ndowa ndinkasenza ndine m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu.

Bambo anali ndi lamulo limene anatengera kwa atate awo, ndipo ankalinena monyadira kwa aliyense woima kuonerera. Ku Bua, mpasa imachoka m'nyanja n'kukwera mtsinje kukaikira mazira. Nsomba yokwera suigwira, ili ndi ana m'mimba. Yotsika yamaliza ntchito yake, umadya ndi mtima woyera. N'chifukwa chake miono yonse anailozetsa kukamwa kumtunda kuti izikola zotsika zokha. Ankadziguguda pachifuwa kuti iwo si wopha mtsinje ngati aja ophulitsa mabomba m'nyanja, amene kugunda kwawo tinkakumva mpaka m'mbale za pathandala.

Mvula yaikulu imene kumeneko amati ya masika itagwa, madzi atafiira, miono inayamba kulemera. Munkatuluka mikunga yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, yakuda pamsana, yoyera mbee kumimba, maso ake aakulu modabwitsa. Maso amenewo ankandichititsa nthumanzi. M'ndowa sinkakhazikika, inkangogunditsa mutu m'mbali ngati yachedwa kwinakwake. Umodzi utafa, mayi anautumbula n'kupeza m'mimba mulibe chakudya ngakhale pang'ono, mafuta okhaokha. Bambo anati umenewo ndiye umboni wakuti yatopa ndi kuswa. Mayi anafunsa ngati nsomba yotopa imanenepa choncho. Nkhani inathera pomwepo.

Pakhomo panabwerera fungo la chapati ndi tiyi wamkaka. Bambo anameta ndevu, n'kuyambanso kuimba nyimbo za kwaya posamba. Ndikunena zimenezi kuti musandiweruze msanga pa zimene ndinachita.

Pamathiriro a mtsinje pankagwira ntchito mayi wina wa Chizaramo, Bi Zuhura, wamfupi, wapakamwa pakuthwa. Iye ndi mnzake ankakoka chitenje m'madzi kugwira uduvi, tizilombo tam'nyanja tija timene amayanika n'kuthira m'ndiwo. M'mawa wina anandikodola ndili ndi ndowa pamutu. Ndinamupatsa moni wa ulemu wa shikamoo, iye anangotambasula chitenje chonyowa. Pakati pa uduvi panali tinthu tatitali ngati chala, toonekera mkati ngati galasi, tokhala ndi timadontho tiwiri takuda kumutu. Tinkapiringizika pang'onopang'ono. Anandiuza m'Chiswahili kuti amenewo ndi ana a mkunga, ndipo amachokera kunyanja kukwera mtsinje. Mayi wawo amakulira kumtunda zaka zambirimbiri, n'kutsika kamodzi kokha, kukaswera kutali kumadzi akuya, osabwereranso.

"Kawauze bambo ako," anatero, "kuti akupha azimayi oyembekezera ali pa ulendo wa kuchikuta. Ine wa uduvi sangandimvere. Iwe ndiwe magazi awo."

Ndowa ija inandilemera kuposa masiku onse. Ndinafika pakhomo mawu ali pamlomo, koma ndinapeza bambo atakhala pamphasa ndi anyamata awiri a m'dera lathu, akuwaphunzitsa kuluka mono. Ankaseka, akuwakonza zala, anyamatawo akuwatchula kuti fundi, kutanthauza mmisiri. Abale, ine mwana wamkazi ndikayambire pati kuuza munthu wotere kuti nzeru ya atate ake yatembenuka? Ndinati ndinena mawa. Mawa lake ndinati mvula ikatha. Kenaka ndinangosintha njira, ndinkazungulira kuseri kwa mitengo ya mikoko yomera m'matope a m'mbali mwa nyanja kuti ndisakumane ndi Bi Zuhura.

Chakudza sichiimba ng'oma. Masika otsatira, mabiyo anali atandanda kukwera mtsinje mpaka kupitirira mlatho wa msewu wa ku Bagamoyo. Ena anatengera lusoli kumitsinje ya kumpoto. Aliyense ankalozetsa miono kumtunda, ndipo aliyense ankabwereza mawu a bambo, kuti zotsika zaswa kale. Ndinkawamva amuna achilendo akunena lamulo la agogo anga m'Chiswahili. Wagalimoto uja anayamba kubwera kawiri pa sabata.

Chaka chachitatu mvula inagwa bwinobwino, madzi anafiira monga kale, koma miono inkatuluka ndi nkhanu ndi mapepala a pulasitiki. Mtsinje unangoti zii. Bambo ankaima m'madzi ofika m'chiuno, akusuzumira mono uliwonse kawiri, n'kumadandaula kuti mwina wina akuwabera. Ine ndinkayang'ana kumbali.

Masana ena Bi Zuhura anatulukira pakhomo pathu atanyamula mbale ya madzi. Sanadikire mpando. Anaika mbaleyo pansi patsogolo pa bambo, n'kunena zonse zimene anandiuza ine, mayi akumva. Bambo poyamba anamwetulira mwaulemu, kumwetulira kwa munthu wodziwa. Kenaka anagwada n'kuyang'anitsitsa tinthu tagalasi tija nthawi yaitali. Anafunsa kumene anatigwira, iye anati pamathiriro, madzi a m'nyanja akamalowa. Anafunsanso ngati anaonapo mkunga waukulu ukukwera, iye anati chibadwire sanauonepo. Ndinaona kumwetulira kuja kukuzimirira pankhope pawo.

Apo m'pamene Bi Zuhura anandiloza ndi chibwano n'kunena kuti anatuma mwana uyu kalekale, biyo likadali limodzi.

Ndinayembekezera mbama, ndipo kunena zoona ndinkailakalaka. Bambo sanakweze dzanja. Anandiyang'ana akadali chigwadire.

"Esinala, unkadziwa?"

"Inde, bambo."

"Ndiye unandisiya ndiphunzitse anthu?"

Madzulo omwewo bambo anapita kumtsinje n'kuzula biyo lawo ndi manja, bango likuwacheka, magazi akutsikira m'zigongono. Mawa lake anandiuza kuti ndiwatsate, tinakwera mtsinje kupita kwa eni mabiyo ena mmodzimmodzi. Bambo anavula chipewa pamaso pa anyamata amene anawaphunzitsa okha, n'kuvomera kuti analakwitsa. Anyamatawo anaseka. Wina anati Mnyasa waona kuti nsomba zachepa, ndiye akufuna atsale yekha pamtsinje. Wina anangoti, "Si ndinu munatiuza kuti zotsika zaswa kale?" Kwa eni kulibe mkuwe. Palibe anazula ngakhale kamtengo kamodzi, ndipo tinabwerera kunyumba.

Patapita miyezi bambo anapeza ntchito ya ulonda panyumba ina ku Msasani, ndipo anaigwira mpaka mphamvu zitatha. Sanandikalipirepo za nkhaniyi. Koma za Bua, zimene kale zinkatitopetsa m'makutu, sanazitchulenso pakhomo pathu.

Nditakula ndinawerenga kuti mikunga ya mitsinje yambiri imakakumana kutali m'nyanja yaikulu, ndipo ana ake amamwazidwa ndi mafunde kulowa mtsinje uliwonse umene aupeza. Ndiye kuti mayi amene anathera m'ndowa yanga mwina anali atanyamula ana a mtsinje wa Rufiji kapena wa Pangani, a anthu amene sindidzawaona. Ndikudziwanso kuti Mbezi sanaphedwe ndi bambo okha; okumba mchenga ndi madzi oipa a m'tauni anachita mbali yawo. Koma sindibisala kumbuyo kwa zimenezo. Bambo analakwa ndi mtima wabwino, potenga lamulo la mtsinje wina kukaliika pa mtsinje wa eni osafunsa. Ine ndinalakwa ndikudziwa. Ndinkaganiza kuti kukhala chete ndiko kuwakonda, kuti ndikuwasungira ulemu. Chonsecho tsiku limene ndinameza mawu aja, manyazi awo anali a biyo limodzi lokha, loti tikanaligumula ife awiri dzuwa lisanalowe.