Amuna Anayi a Mufoni ya Everlyn

Everlyn, namwino wa pakiliniki ina ku Oud Metha, mumzinda wa Dubai, ali ndi amuna anayi, ndipo onsewo amakhala mufoni. Musaseke. Ndi gemu ya ku Japan, yotere kuti umawerenga nkhani ya chikondi, mnyamata wojambula n'kukufunsa funso, iwe n'kusankha yankho limodzi pa atatu. Ukalakwitsa amakunyanyala.

Pali Naoki wa magalasi, wosalankhula, ntchito kuthirira maluwa. Pali Kosuke wokonda kudya. Pali wina wa tsitsi lobiriwira amene Everlyn safuna n'dzina lomwe kulimva. Ndiye pali Tatsuya. Aaa, Tatsuya! Wamwano, moni sayankha, tsitsi mbuu ngati nkhalamba chonsecho zaka makumi awiri. Ameneyu ndiye Everlyn anamufera. Miyezi inayi akumunyengerera m'basi yochokera ku International City, ndipo ulendo uliwonse Tatsuya ankakwera sitima n'kumusiya pasiteshoni mvula ikugwa. Everlyn ankangoti, "Khalas, zatha, ndibwerera," n'kuyambiranso pomwe anasungira gemuyo.

Munthu wamoyo analipo: Kizito, injiniya wa ku Chipata wogwira ntchito pafakitale ina ku Dubai Investments Park. Ankaonana kutchalitchi. Everlyn ankamufuna ndi mtima wonse, koma Kizito akangoti ayambe nkhani, mayi wathuyu liwiro kuchimbudzi. Pa munthu wamoyo palibe posungira, ukayankha wayankha.

Tsoka linagwa Lamlungu lina pa chiyanjano cha amayi. Mayi Monica, otsogolera chiyanjanocho, anaona kuti Everlyn nkhope yagwa.

"Mwana wanga, chavuta n'chiyani?"

"Tatsuya wandisiyanso, amayi."

Basitu! Mayi Monica sanafunsenso. Anamupempherera Tatsuya mokweza, kuti mtima wake ufewe, atume ankhoswe ngati munthu woleredwa. Amayi onse, "Ameni!" Everlyn manyazi, osawauza n'komwe kuti ndi wa mugemu. Pofika Lachiwiri Kizito anali atamva kuti Everlyn ali ndi Mjapani, ndipo moni wa pafoni anasiya.

Apa Everlyn analira misozi yeniyeni. Anamutumizira Kizito chithunzi cha Tatsuya ndi mawu awiri: "Ndi katuni."

Loweruka masana Kizito anamupeza podikirira basi, thukuta lili kamukamu.

"Ba Everlyn, mdani wanga uja namupeza," anatero Kizito, n'kumuonetsa foni. Pagalasi panali Tatsuya, atavala suti ya ukwati, akumwetulira. Tatsuya kumwetulira, abale!

"Mwatani inu?" Everlyn anakuwa. "Ine miyezi inayi!"

"Ine masiku atatu chabe. Nikudziwani imwe, akafunsa funso lovuta mumasankha yankho lija loti 'khala chete'. Ine nangomuyankha munthuyo."

Everlyn anafuna kutsutsa, koma zinali zoona.

"Manje funso langa lilibe mayankho atatu," Kizito anapitiriza. "Nitume ankhoswe kwanu?"

Chala cha Everlyn chinayamba kufufuza posungira, m'malere chabe. Anayang'ana uku ndi uku, chimbudzi kulibe. Basi inafika, dalaivala n'kukuwa mowafulumizitsa, "Yalla, yalla!"

"Tumani," anatero Everlyn, basi n'kunyamuka kuwasiya pomwepo. "Koma mundionetse kaye zomwe munamuyankha chitsiru chimenechi."