Utuchi wa Kumabokosi

Ntchito ya kung'anjo anandipezera ndi amalume anga, a Namakhwa, omwe anasonkheza moto pafakitale ya tiyi ija mpaka maso kufiira. Ndinkayembekeza nkhuni za bulugamu, koma ndinapeza mabuliketi: utuchi, makoko a makedemiya ndi zinyalala za tiyi, zopanikiza pamakina mpaka kuuma gwa.

Lamulo linali pakhoma. Chapenti, chavanishi ndi chapulasitiki chisalowe pamoto. Katundu akafika, uswe mabuliketi atatu ndi chikwanje, uyang'ane m'kati, ununkhize, kenako usaine.

"Tiyi ndi kazitape," ankatero kapitao wathu, a Muhiwa. "Fungo lililonse amakaulula m'kapu."

Ine ndinkaona ngati akungondivuta. Zinyalala n'zinyalala basi.

Tsiku lina mu Juni chiperoni chinatsika mpaka masana, moti chumuni sichinkaoneka. Lole yachilendo inatsitsa matumba. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, ndiye ndinangosaina osaswa buliketi ngakhale limodzi, n'kuyamba kuponya ndi fosholo.

Motowo unayaka mwakachetechete, malawi ake obiriwira. Utsi unakana kukwera. Nkhungu inkaubweza pansi, ukuyenda m'mbali mwa khoma kulowera kumafani opemerera masamba. Unkanunkha motsekemera, fungo lomwe ndinkalidziwa koma osakumbuka kumene ndinalimva. Amayi ena osankha tiyi anatuluka atagwira pamphuno, n'kufunsa kuti, "Kodi kwagwa zovuta?"

Ndinaswa buliketi limodzi. M'kati munali kansalu koyera kalesi. Lachiwiri linali ndi kariboni kofiirira, ka pankhata zamaliro.

Amalume anayang'ana, n'kuvula chipewa.

"Mphwanga, uwu ndi utuchi wa kopala mabokosi. Asesa pansi ponse. Nsalu iyi anadulira munthu."

Sanaukhudzenso. Anzathu nawo anaika mafosholo pansi. Ndinadziwa kuti ndikakhala chete, tiyi apakidwa, atumizidwa kutali, anthu amwa. Ndikaulula, siginecha ndi yanga, ndipo amalume ndiwo anandiimira pondilemba ntchito. Mantha anandigwira, osati pang'ono. Ndinapita kwa a Muhiwa, kansalu kali m'manja.

"Unaswa angati?"

"Sindinaswe, bwana."

Analamula kuti moto uzime ndi mafani aime. Wolawa tiyi anangopsontha kamodzi n'kulavula. Tiyi yense wa tsiku limenelo tinamunyamula pawilibala kukakwirira kudzenje la kuseri. Tinaima mozungulira m'nkhungumo, zipewa m'manja. Amayi othyola masamba, omwe thukuta lawo tinkakwiriralo, ankationerera chapatali.

Ine anangondichenjeza ndi kalata. Amalume anawachotsa kung'anjo, n'kuwatumiza kolambula misewu ya m'munda, ati diso lawo lakalamba. Sanandikalipirepo mpaka anamwalira, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa kalata.

Lero wolandira katundu ndine. Dalaivala anyinyirike, mvula igwe, ndimaswa asanu, ndipo ndimayamba ndafunsa kumene utuchiwo anausesa.