Kambalame ka M'mitengo ya Manachesi

Kope lija linali la masamu, lachikuto chobiriwira. Koma mukaliyambira kumapeto munkapezamo mbalame imodzi yokha, yojambulidwa kambirimbiri ndi dzanja langa, ndili mtsikana wa Sitandade 4.

Munali mu Okutobala, chaka chimene abambo anatuluka kuchipatala cha paboma asanachire. Kale ankagwira ntchito kumalire, kulembera madalaivala a mathiraki mapepala a katundu. Tsopano ankangogona kuchipinda. Kunja kunkatentha moti nkhuku zinkangoyasama pansi pa nkhokwe. Amayi anali atasiya kuimba pochapa.

Kambalameko ndinakaona kudimba, kuseri kwa nyumba, mumtengo wa manachesi. Thupi lake linali ngati la mpheta, msana wofiirira ngati njerwa yootcha, mutu wakuda, diso lozunguliridwa ndi kamzere kabuluu. Mchira unali wautali kuposa thupi lonse, ndipo kakauluka unkakokeka m'mbuyo ngati riboni. Ndinathamanga kukauza abambo.

"Kameneko sindikadziwa, mwanangu," anatero. "Pita ukakaonetsetse, udzandiuze."

Kuyambira pamenepo, ndikangoweruka kusukulu ankandituma. Lero ukaone miyendo yake. Lero ukamvetsere kaliridwe kake, ndipo usafulumire kubwera. Ndinkakhala pamwala wotentha, thukuta likutsika kumsana, ntchentche zikundizunza, fungo la maluwa a manachesi likundipweteketsa mutu. Kunena zoona, ntchitoyi inanditopetsa sabata yoyamba yomwe. Koma ndikabwerako abambo ankamvetsera ali chitsinzinire, n'kufunsanso kena.

Amalume atabwera panjinga kuchokera ku Thambani kudzazonda matenda, ndinawaonetsa chithunzi. Anati ndi timba chabe, asanayang'ane n'komwe. Aphunzitsi, omwe anali akumpoto, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti kwawo kali ndi dzina koma m'Chichewa sakulidziwa. Kenako anandidzudzula powononga kope. Masiku amenewo ndinawakwiyira onse awiri. Lero ndimaona kuti aliyense anali ndi zake zomulemera.

Mvula yoyamba itagwa, kambalameko kanamanga chisa chaching'ono ngati kapu pamphanda ya nthambi, n'kuchimata ndi ulusi wa kangaude. Tsiku limenelo sindinadikire. Ndinathamangira kunyumba ndi nkhani yanga, koma ndinapeza chitseko cha kuchipinda chotseka. Mkatimo madzi ankamveka akudontha kuchokera pansalu yofinyidwa. Abambo ankabuula, mawu amene ndinali ndisanawamvepo kwa munthu wamkulu.

"Pirirani, bambo, ndatsala pang'ono," ankatero amayi.

Ndinagogoda. Amayi anatsegula pang'ono, manja ali onyowa mpaka m'zigongono, maso ofiira.

"Bwerera kudimba."

"Koma kamanga chisa, amayi."

"Ndamva. Bwerera."

Abambo anamwalira Khirisimasi isanafike. Dzina la kambalameko ndinadzalipeza ndili wamkulu, m'buku lachingerezi, ndipo ndinangoliwerenga n'kutseka bukulo.

Tsiku la chisa lija ndinabwereradi pamwala paja, n'kulira ndi mkwiyo. Ndinkati amayi alibe nazo ntchito za ine ndi abambo. Sindinkadziwa kuti zilonda za munthu wogona miyezi zimafuna kutsukidwa tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti amayi ndi abambo anapangana nthawi yochitira zimenezo mwana wawo ali kutali moti sangamve.