Sitandi yopepuka ndi nkhope ya ba Mulenga

Inu owerenga, ine ndinataya nkhope ya munthu. Anandipatsa ntchito yoti ndisunge nkhope ya mwamuna wa mwini papepala, ine n'kuiwononga chifukwa cha sitandi ya kamera imene ndinasankha pomvera phewa langa. Kuwonongako n'kochepa. Choipa kwambiri n'chakuti ndinakhala zaka ndikunama, mpaka bodzalo linandimanga manja ndi miyendo. Pano ndakalamba, manyazi achepa, ndiye mundimvere, makamaka inu achinyamata amene mwayamba kuyendayenda ndi makamera.

Nthawi imeneyo dziko linali la chipani chimodzi. Ine ndinkakhala ku Kalingalinga, komboni ina ya mulikulu la dziko, koma kwathu ndi ku Katete. Ntchito yanga inali yojambula anthu m'makomboni, ndipo dzina langa lenileni ankalidziwa ndi ochepa, aliyense ankangoti ba Kamera. Kamera yanga inali ija ya magalasi awiri, yoyang'anira pamwamba, yolemera ndithu. Ndinkaikhazika pa sitandi ya miyendo itatu imene mnzanga wina wowotcherera zitsulo anandipangira ndi mapaipi a madzi. Chinthu chija chikaima chinkaimadi, ngakhale mbuzi itadzikanda pamwendo wake sichinkasuntha. Koma kulemera kwake, mayo ine! Phewa langa lamanja linada bii. Makondakitala a basi ankandikaniza kukwera nacho, ndipo ana ankanditsatira akukuwa kuti ba Kamera asamuka, asenza bedi. Ine ndine wa mtima wapachala, ndiye ndinkangotukwana njira yonse kuchoka ku Kalingalinga mpaka ku Mtendere.

Tsiku lina ndinamva kuti mzungu wina wa kumayadi akubwerera kwawo ndipo akugulitsa katundu pakhonde. Ndinapita kukangoona. Pakati pa mipando ndi mapoto ndinapeza kasitandi konyezimira, miyendo yake yolowana ngati eriyo ya wailesi. Kakapindidwa kankatalika ngati mkono wanga, kuchokera pachigongono kufika kuzala. Ndinakanyamula ndi chala chimodzi, mtima n'kuti myaa. Mayeso anga anathera pomwepo. Kamera ndinali nayo pakhosi, koma sindinaimangirirepo kuti ndione. Sindinatambasule miyendo yonse, sindinakakankhe ndi dzanja. Kakamera ka mzunguyo ndinakaona kali patebulo, kochepa ngati sopo wosambira, koma mutu wangawu sunandiuze kuti sitandiyo anaipangira timakamera totero, osati chimwala changa chija. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Nditakagula, sitandi yakale ndinaibwezera kwa mnzanga uja, iye n'kuidula kupangira zitsulo za pawindo.

Miyezi yoyamba ndinkayenda monyada. Sitandi m'chikwama, manja m'thumba, basi iliyonse n'kukwera. Zithunzi zinkatuluka bwino, ndipo ndikuuzeni chifukwa chake kuti mumvetse zimene zinadza pambuyo. Padzuwa kamera imangophethira kamodzi, ndiye ngakhale sitandi inyenyemere pang'ono, chithunzi chimatuluka. M'nyumba ya mdima si choncho. Diso la kamera limayenera kukhala chitsegukire kanthawi ndithu, ndipo nthawi yonseyo kamera isagwedezeke ngakhale pang'ono. Ine zimenezi ndinkazidziwa bwino lomwe.

Ndiye kunagwa maliro m'dera lathu. Anamwalira ba Mulenga, bambo wa ku Kasama amene ankasenza matumba pachigayo china m'tauni. Anadwala masiku ochepa chabe. Mkazi wawo anali wa kwathu kum'mawa, mtsikana ndithu, ndipo anali ndi pakati poyamba, potopa kale. Azimayi akuluakulu anagamula kuti wapakati saona mtembo, zingamuipire mwana ali m'mimba. Anamutengera kunyumba yoyandikana, n'kumukhazika kumeneko mtembo utabwera kuchokera kuchipatala. Ba Mulenga anali asanajambulitsepo chithunzi chosunga chibadwire. Chithunzi chawo chinali cha pachitupa chokha, ndipo chitupacho chinatsala kuboma potenga chilolezo choika maliro. N'chifukwa chake anandiitana.

Mayi wina wamkulu wa kumpingo anandigwira dzanja pakhomo n'kundiuza m'Chinyanja cha m'tauni kuti, "Mubajambule bwino, ba Kamera. Uja mtsikana akachira azabaona bamuna bake pa pepala."

Ndinayankha modzitama kuti asade nkhawa.

Kunja kunali mvula ija yosakata. M'nyumbamo munali kawindo kamodzi, anthu thothotho, mdima ngati madzulo. Mabatire a fulashi anali atasowa m'masitolo kalekale. Ndinapempha kuti bokosi alitulutse pakhonde, akulu a malemu anakana, amvekere mtembo sauvumbwitsa. Lole yonyamula maliro inali italiza kale hutala kumsewu. Bokosi linali pamabenchi awiri, ndiye kuti kamera isuzumire m'katimo ndinatambasula miyendo yonse ya sitandi, kukweza khosi lake mpaka pothera, n'kuweramitsa kamera. Nditadina batani ndinaona ndi maso angawa kamera ikugwa mphumi pang'onopang'ono, ngati munthu wowodzera m'tchalitchi. Ndinamanga sikuluwu ya pakhosi la sitandi mwamphamvu, n'kujambulanso. Inawodzeranso.

Apa ndi pamene ndimadzitukwana mpaka lero. Pakona panali tebulo. Ndikanapempha kuti alikokere pafupi, n'kukhazikapo kamera ndi njerwa. Ndikanauza akulu aja kuti adikire, zinthu sizili bwino. Koma anthu ankayang'ana kasitandi kanga konyezimira mosirira, ndipo ine sindinafune kuoneka mbuli pamaso pawo. Ndinadziuza kuti mwina chimodzi chituluka. Ndinadina kachitatu, n'kugwedeza mutu kuti ndatha. Anatseka bokosi, n'kukhoma misomali.

Filimu ndinakatsukitsa m'tauni. Atandipatsa envulopu ndinaitsegulira pakhonde la sitolo. Kolala ya shati inkaoneka ngati mzere woyera wopakika. Pamene panayenera kukhala nkhope panali utsi wokhawokha, wopanda maso, wopanda mphuno. Zonse zitatu chimodzimodzi. Ndinakhala pansi pomwepo anthu akundilambalala. Kufika kunyumba ndinaziponya pansi pa sutikesi n'kukankhira kunsi kwa bedi.

Mkazi uja anachira bwino, anabala mwana wamkazi, n'kumutcha Chanda. Kuyambira pamenepo tonse tinkamuti amake Chanda. Mwana atalimba, mayiyo anabwera kwathu atamubereka kumbuyo, n'kugwada pakhomo kufunsa chithunzi. Inu owerenga, sutikesi inali kumbuyo kwanga, mkono umodzi chabe. Ndinayang'ana kakhanda kaja, pakamwa panga n'kutuluka mawu akuti mapepala otsukirapo zithunzi asowa m'dziko muno, koma filimu ili bwinobwino, ndaisunga. Masiku amenewo chilichonse chinkasowa. Sopo, shuga, mafuta ophikira, zonse pamzere. Ndani akanakayika? Anandithokoza akuwomba m'manja n'kumapita.

Ndinaganiza kuti ndapuma. Kumeneko kunali kulowa m'khola n'kudzitsekera ndekha.

Abale a mwamuna atatenga katundu yense kupita naye kwawo, amake Chanda anayamba kugulitsa tomato ndi kapenta pamsika. Msikawo unali panjira yanga yokakwerera basi, njira ina kunalibe. M'mawa ndinkamupeza, madzulo ndinkamupeza. Sankandikumbutsa ndi mawu, ankangondiyang'ana ndi maso ofunsa, ine n'kupukusa mutu kuti sanabwere mapepala. Akanakhala wolongolola, bwenzi nkhani itatha msanga. Ine ndewu ndimaidziwa. Akanandilalatira, ndikanapsa mtima n'kumuponyera zithunzi zake za utsizo. Koma iye ankandiikira mbasela pa tomato. Mkazi wanga atadwala anabwera kudzatichapira. Munthu wotero ungamuyambe bwanji?

Mapepala atayamba kupezeka, ndinati filimu ili kwa otsuka m'tauni. Kenako ndinati otsukawo makina awo afa. Kenako ndinati asamukira ku Kabwe ndipo ndikulondola. Bodza lililonse linkafuna linzake loliphimba, ndipo ndinkayenera kukumbukira lomwe ndinanena mwezi watha. Mwana atayamba kuyankhula, mayi ake ankamukankhira kwa ine akuti, "Bapatse moni ba ankolo, ndiye basunga batate bako." Kamwanako kankandigwira bondo ndi timanja ta fumbi. Chakudya chinasiya kundikomera, ndipo ukali wonse ndinkautsanulira pa mkazi wanga, amene ankadziwa zonse. Iye ankangoti, "Bambo, kanenenitu." Ine ndinkamuzazira kuti za makamera sazidziwa.

Ndinathawa. Ndinasamukira ku Chaisa, mbali ina ya mzinda, osatsanzika pamsika. Koma tandiuzani, munthu amene ntchito yake ndi yoyenda m'misewu akuitana anthu kuti adzajambulitse angabisale kuti? Mvula isanabwerenso, Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, ndinangoona amake Chanda ali pakhomo, mwana kudzanja, kamtolo ka mtedza pamutu. Anati anafunsira kwa ana a m'njira za ba Kamera. Sanandidzudzule. Ankaganiza kuti ndinachoka chifukwa cha lendi, ndipo anatipepesa.

Pali chinthu china chimene sindinauzepo munthu. Ndinali ndi zithunzi za maliro ena akale, za nthawi ya sitandi yolemera ija. Ndinasankhapo cha bambo wina wa mphumi yotakata ngati ya ba Mulenga, maso otseka, thonje m'mphuno. Ndinadziuza kuti akufa amafanana. Ndinachiika mu envulopu, kukwera basi mpaka ku Kalingalinga, kufika pachipata cha msika. Chanda ankasewera ndi zitsekerero za mabotolo pafupi ndi benchi ya mayi ake. Ndinaganiza zoti mwanayu adzakula akulirira nkhope ya bambo wa eni, ndipo ndinabwerera. Musanditame. Mbali ina anali mantha chabe, kuti anzawo a ba Mulenga akachiona adzandigwira.

Ntchito za maliro ndinasiyiratu. Ndinawotcheretsa sitandi ina yolemera, phewa n'kudanso, koma zimenezo sizinabweze kanthu.

Chanda atayamba sukulu, anabweranso awiriwo. Ulendo uno amake Chanda sanakhale pamphasa imene mkazi wanga anayala. Anaima chilili n'kunena mofatsa kuti mwana akufunsa tsiku lililonse, anzake kusukulu amamuseka kuti alibe bambo. Anati wina anamuuza kuti filimu ukailozetsa kudzuwa munthu amaoneka, ngakhale isanatsukidwe papepala. Ndiye ngati mapepala akuvuta, ndingowaonetsa filimuyo, aone n'kubwerera.

Ndinafufuza bodza m'mutu mwanga, ndinapeza atha onse. Mkazi wanga analowa m'nyumba osandifunsa, ndinamva sutikesi ikukokedwa pansi. Anatuluka ndi envulopu n'kundipatsa m'manja kuti ndipereke ndekha. Ndinafotokoza zonse maso ali pansi, za sitandi, za tebulo, za tsiku limene ndinatsukitsa.

Amake Chanda anatulutsa chithunzi chimodzi n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Sanalire, ndipo kusalirako kunandiwawa kuposa mbama. Kenako anati, "Chaka choyamba chija nikatseka maso nenze kubaona bwino. Ninaleka kulimbikira, chifukwa nenze kuziba kuti nkhope ili kwa imwe. Manje nikatseka maso nimaona chabe shati."

Anandiuzanso chimene sindinkadziwa. Ba Mulenga anali ndi mng'ono wawo wofanana nawo ngati mapasa. Pa nthawi ya maliro anali kumigodi, koma pambuyo pake anadzakhala ku Matero zaka zingapo. Ndikananena zoona, akanamubweretsa kwa ine kapena kwa wojambula wina, mwana n'kukhala ndi poyambira. Maganizo amenewo sanamubwerere chifukwa ankadziwa kuti chithunzi chenicheni chilipo. Mng'onoyo anali atamwalira chaka chapitacho pangozi ya galimoto, nayenso wosajambulitsa.

Chanda anakoka chithunzicho m'manja mwa mayi ake, kuchitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa kuti maso a atate ake ali pati. Ndinatambasula chala kuti ndiloze. Ine amene ndinawasuzumira ba Mulenga pagalasi katatu konse, sindinathe kudziwa. Anachitenga chomwecho, mwana anachifumbata pachifuwa, n'kumapita osatsanzika.

Tsono inu ojambula anzanga, sindikukuuzani kuti muzisenza mapaipi a madzi ngati ine. Sitandi yopepuka ndi yabwino paulendo, phewa nalo ndi thupi. Koma musaigule ndi chala chimodzi. Mangiriranipo kamera yanu yomwe, osati ya wogulitsa. Tambasulani miyendo yonse, kwezani khosi, weramitsani kamera pansi, musiye manja, muone ngati ikuwodzera. Igogodeni ndi chala muone ngati ikunjenjemera. Ikachita zimenezo isiyeni, ngakhale inyezimire bwanji. Mukafika pantchito n'kuona kuti chida chakukanani, pemphani tebulo, pemphani njerwa, anthu akusekeni tsiku limodzi. Akwati mungawaveke suti n'kuwajambulanso Lamulungu linalo, koma bokosi akalikhoma alikhoma.

Ndipo inu nonse, kaya kamera simunaigwirepo, mukaononga chinthu cha mwini kaneneni dzuwa lomwelo. Ine ndinkati ndikumuchitira chifundo mkazi wamasiye. Ndikanapita kwa iye sabata yomweyo, akanandilalatira, mwina akanandilavulira, koma mwamuna wake anali akadali m'maso mwake.