Tulo ta Achimwene Tinali mu Utuchi

Achimwene anga ndi kalipentala. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu akhala akupala matabwa m'shedi imodzi ndi mnzawo amene tonse timangomutcha a Dazi. Chaka chatha achimwene anagwa padenga akukhoma malata, mutu n'kumenyetsa panjerwa. Bala linapola, koma tulo tinawathawa. Usiku ankangoyang'ana kudenga, masana n'kumasinza supuni ili m'manja.

Adokotala anati asagwire macheka kufikira tulo titabwerera m'malo mwake. A Dazi anadikira miyezi inayi, kenako anauza alamu anga, akazi a achimwene, mwaulemu ndithu, kuti ntchito yawachulukira, ndipo mwezi ukatha benchi ya achimwene aipereka kwa munthu wina.

Apa m'pamene ndinalowererapo ine, mphunzitsi, wodziwa zinthu wa m'banjamo. Ndinawerenga zonse zimene ndinapeza, ndinalemba malamulo khumi ndi limodzi n'kumata pachitseko. Wailesi ndinaitsekera m'kabati. Mahinjesi ndinathira mafuta. Alamu ndinawaletsa kutsuka mbale dzuwa likalowa, ndipo tonse tinkayenda monyang'ama ngati akuba m'nyumba yathu yomwe. Lamulo loyamba, lolembedwa ndi cholembera chofiira, linali lakuti achimwene asapondenso kushedi chifukwa kuli phokoso.

Iwo sanatsutse. Anangondifunsa tsiku lina ngati womwalirayo ndi iwo, popeza aliyense akunong'ona. Tulo osabwera.

Patatsala masiku asanu ndi limodzi kuti mwezi uthe, achimwene anasowa masanasana. Ndinathamanga msewu wonse, choko chidakali m'zala, mpaka ndinawapeza kushedi komwe ndinaletsako. Anali atagona pamulu wa utuchi, mkonono uli pakati, a Dazi akupala thabwa pafupi penipeni ndi mutu wawo. Ndinakweza dzanja kuti asiye. Atangosiya, achimwene anatsegula maso.

"Aphunzitsi," anatero a Dazi, "maola awiri munthu wagona ine ndikupala. Mwamudzutsa ndinu."

Ndinapita kwa adokotala mutu uli pansi. Anati anthu ena phokoso limene analizolowera limawakhazika mtima pansi, ngakhale si onse, bola tulo tikhale ta usiku, osati ta masana. Ndinayesa kujambula phokosolo pafoni. Achimwene anamvetsera pang'ono n'kunena kuti limenelo si thabwa, ndi mafuta pamoto.

Madzulo amenewo alamu anang'amba malamulo anga, anatulutsa wailesi, ndipo anandipatsa thabwa ndi sandipepala n'kundikhazika pakhomo la chipinda. Anati popeza ndinathamangitsa phokoso m'nyumba ndine, ndilibwezenso ndine. Mawa lake anakachonderera a Dazi, amene anavomera kudikira mwezi wina umodzi.

Tsopano papita milungu isanu ndi iwiri. Achimwene akugona maola asanu, nthawi zina asanu ndi limodzi. Sindikunena kuti achira, mutu umawawawabe dzuwa likatentha. Koma adokotala awalola ntchito zopepuka, ndipo benchi idakali yawo. Ine m'manja muli matuza okhaokha, thabwa lachitatu latsala pang'ono kutha.

Dzulo, ndikukwecha mwakhama, ndikudziona kuti ntchitoyi ndaidziwa, ndinamva mawu kuchokera m'chipinda.

"Iwe, ukukwecha mopingasa. Tsatira mizere ya thabwa, munthu agone."